KANYAMA KOBWERERA KU UBWANA

Munthu woima pa mchenga wa ku Chintheche m'miyezi ya mvula, makamaka mwezi ukakhala mu mdima, amaona kutali pa nyanja mizati yakuda yonga utsi wa moto wolusa, yoima pa madzi ndi kufika kumwamba. Mlendo amayesa kuti sitima yapsa. Eni dziko, Atonga, amangoti nkhungu zafika, ndipo mphepo ikazikankhira kumtunda amai amatuluka ndi madengu kukazikola, nazikanya, naziphika, naziyanika kuti zikhale ndiwo. David Livingstone adaziona nkhunguzi m'chaka cha 1861 poyenda pa nyanjayi ndi bwato, ndipo adalawako ndiwo yake. Tizirombo timeneti timakhala masabata angapo m'madzi tili timphutsi, usana kubisala pansi pakuya pamene nsomba sizifika, usiku kukwera kudzadya. Koma tikamera mapiko, moyo wake ndi wa tsiku limodzi kapena masiku owerengeka chabe. Timatuluka, timakwatana m'mwamba, timaikira mazira pa madzi, basi kwatha.

Pa zolengedwa zonse zimene mwana wa ku Chintheche amazidziwa, palibe china chofulumira kufa ngati nkhungu. Koma m'zaka zino anthu ophunzira akhala akukamba za cholengedwa china cha m'madzi chimene mbiri yake ili yosiyana kotheratu, pakuti akuti icho chidapeza njira yozembera ukalamba. Ndi kanyama ka m'nyanja za mchere, ka mtundu umene Azungu amautcha jellyfish. Thupi lake ndi lofewa ndi loonekera mkati ngati dontho la madzi, loumbika ngati kachipewa, ndipo m'mphepete mwake muli tizingwe tambiri togwirira chakudya. Abale ake a m'madzi opanda mchere amapezeka m'nyanja ya Tanganyika ndi ya Kariba, ndipo asodzi a kumeneko amawaona akuyandama pa madzi nyengo ya bata. Koma kamene katchukaka, kotchedwa Turritopsis dohrnii, kwao ndi ku nyanja ya Mediterranean, ndipo kukula kwake sikufika ndi pa chikhadabo cha chala chaching'ono chomwe: mamilimita anai kapena asanu.

Moyo wa kanyamaka uli ndi misinkhu iwiri. Poyamba kamakhala ngati kachitsamba komera pa mwala pansi pa nyanja, kosayenda. Pa kachitsambako pamaphuka tizipewa tija, timene timathothoka ndi kuyamba kusambira, kukula ndi kubereka. Kwa mitundu ina yambiri ulendo umathera pomwepo. Koma m'chaka cha 1988 mnyamata wina wa ku Germany, Christian Sommer, amene adali kuphunzira zamoyo za m'nyanja pa gombe la Italy, adaona chinthu chachilendo m'mbale yake: kanyama kokhwima kale, m'malo mwa kufa, kadafota, kadamira pansi, kadasanduka kambulu kopanda maonekedwe, ndipo patapita masiku owerengeka pa kambulupo padamera kachitsamba katsopano. M'chaka cha 1996 Stefano Piraino ndi Ferdinando Boero a ku Italy, pamodzi ndi anzao, adalongosola bwino za chodabwitsachi. Kanyamaka kakavulala, kakasowa chakudya, kapena kakakalamba, tizigawo tating'ono ta thupi lake, timene amatitcha maselo, timasiya nchito imene tidali kugwira ndi kutenga ina, kotero kuti thupi lonse limamangidwanso kuchokera pa chiyambi. Kuli ngati gulugufe atapinda mapiko ndi kukhalanso mbozi, kapena chule wokalamba atameranso mchira.

Sikudatenge nthawi kuti anthu ayambe kufunsa: ngati kanyama kopanda pake kangathe kutero, nanga munthu? Funsoli silili la maloto okha. M'chaka cha 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan adasonyeza kuti selo lokhwima la pa khungu la mbewa likhoza kubwezedwa ku ukhanda wake, ndi kukhala lokonzeka kusanduka selo la mtundu uli wonse, pongodzutsa malangizo anai a chibadwa amene adagona mkati mwake. Chaka chotsatira adachita chimodzimodzi ndi maselo a munthu, ndipo m'chaka cha 2012 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi John Gurdon wa ku England. M'chaka cha 2022 ophunzira a ku Oviedo, ku Spain, adawerenga malangizo onse a chibadwa a kanyama kaja pofuna kupeza pamene pagona chinsinsi chake. Ndipo chaka chomwecho, ku America, anthu olemera adasonkha madola 3 biliyoni kuyambitsa kampani ya Altos Labs, imene nchito yake ndi kufuna njira yobwezera maselo okalamba ku unyamata. Ndalama zotere sizisonkhedwa pa nkhani ya masewera.

Chilakolako chake nchakale kuposa ndalamazo. Makolo a m'mbali mwa nyanja ino ankasimba kuti Chiuta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, natumanso buluzi ndi uthenga wakuti akafa adzaferatu. Bilimankhwe adayenda monyang'wa monga mwa khalidwe lake, buluzi adafika msanga, ndipo anthu adalandira mau oyambawo. Kufikira lero alipo amene amamuyang'ana bilimankhwe ndi diso lachidani. Nthanoyi ikuulula kuti makolowo sadaiyese imfa chinthu choyenera munthu. Adaiyesa ngozi ya pa njira, uthenga wolakwika umene udafika pa malo pa wolondola. Nayenso Nikodemo, mkulu wa Ayuda amene adapita kwa Ambuye Yezu usiku, adazunguzika pa mfundo yomweyi, ngati nkotheka kuti nkhalamba ibwerere kumene idachokera ndi kuyambanso. Tsono wowerenga asafulumire kuwaseka anthu a ku America aja. Iwo akungothamangira bilimankhwe kuti amunyamule, afike naye msanga.

Koma pali funso limene liyenera kuyankhidwa munthu asadasirire kanyamaka, ndipo ndi ili: kodi chimene chimabwerera ku ubwanacho nchiyani? Yankho lake anthu a ku Chintheche ali nalo m'minda mwao, ngakhale sadaonepo nyanja ya Mediterranean.

Nsima ya kumeneko ndi kondowole, ndipo chinangwa sachibzala ndi njere monga chimanga. Mai akazula chinangwa chokhwima amadula mtengo wake m'zidutswa, nazizika pa mizere yatsopano. Chidutswacho chimaphuka masamba anthete, chimachita mizu, chimakhala chomera chaching'ono. Kodi chomerachi ndi mwana wa chakale chija? Ai, pakuti sichidabadwe. Ndi thupi lomwe lija, lodulidwa ndi kuyambanso. Mai ameneyo adalandira mbeuyo kwa amai ake, iwonso kwa ao, kapena kwa mnansi wa tsidya la mtsinje wa Luweya. Ndipo ngati munthu akadatha kulondola mtengo umodzi m'mbuyo, akadapeza kuti thupi limodzi lakhala likuyenda m'minda yambiri kwa zaka zosawerengeka, osafa konse. Anthu amene adalibzala poyamba adagona kale m'manda, ndi maina ao omwe adaiwalika, koma chinangwa chao chikadali chanthete. Nthochi nazonso zili chomwecho: tsinde likabala limagwa, koma pansi pake patuluka kale mphukira za thupi lomwelo.

Nanga alipo amene adachitirapo kaduka chinangwa? Palibe, ndipo chifukwa chake nchoonekera. M'chinangwa mulibe wina amene akudziwa kuti akupitirira. Mtengo umodzi ukadulidwa pakhumi, zomera khumi zimatuluka, ndipo palibe tanthauzo kufunsa kuti mwa khumizo ndi chiti chimene chili chakale chija. Kanyama ka ku Italy kali chimodzimodzi. Kalibe ubongo. Kakasanduka kambulu, zonse za msinkhu wake wakale zimasungunuka, ndipo pa kachitsamba katsopano sipaphuka kachipewa kamodzi, koma tambiri tofanana. Ophunzira akamati kanyamaka nkosafa, akunena kuti mnofu wake sutha. Sakunena kuti pali wina amene adapulumuka. Mau akuti kusafa abvekedwa pa chinthu chimene sichidziwa ndi kukhala moyo komwe.

Munthu ndi wina. Gogo wa zaka 80 wokhala pa khonde ku Bandawe sali mnofu wokha umene wakhalitsa. Iye ndi amene akumbukira chaka chimene mwamuna wake adakwera Ilala kupita ku nchito ku Harare, ndi kalata yomaliza imene idabwera. Akudziwa malire a munda wa banja, pamene padali mtengo wa mango umene udagwa. Akudziwa amene adalakwira mnzake pa maliro ena akale, ndi mau amene adathetsa mlanduwo. Akudziwanso zolakwa zake za iye mwini, zina zimene adalapa ndi zina zimene zikumlemerabe. Sing'anga atabwera ndi kumuuza kuti, mwani ichi, mawa mudzauka muli khanda, koma zonsezi zidzafafanizika, kodi wampatsa moyo kapena wamlanda? Khandalo lidzakhala ndi magazi ake, koma silidzadziwa adzukulu ake, silidzakhala ndi mangawa kwa munthu, ndipo palibe amene adzakhale ndi mangawa kwa ilo. Pa mudzi padzakhala khanda limodzi loonjezera ndi gogo mmodzi wosowa, ndipo anthu adzayenera kulira maliro opanda mtembo.

Chodabwitsa nchakuti mbewa za ophunzira zidaphunzitsa zofanana ndi zimenezi. M'chaka cha 2013, ku Madrid, adayesa kudzutsa malangizo anai a Yamanaka aja m'thupi la mbewa yamoyo. Maselo adabwereradi ku ukhanda, koma pobwererapo adaiwala nchito yao: la m'matumbo silidadziwenso kuti ndi la m'matumbo, la mu impso silidadziwenso kuti ndi la mu impso, ndipo mbewazo zidatuluka zotupa zoopsa m'thupi. M'chaka cha 2016 a ku Salk Institute, ku California, adayesanso mosamala, kudzutsa malangizowo masiku awiri okha ndi kuwagonekanso masiku asanu, kuti selo litsitsimuke koma lisaiwale chimene lili. Mbewa zao, zimene zidali ndi nthenda yokalamba msanga, zidakhala moyo wotalikirapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nzeru yonse tsono yagona pa kudziwa poimira. Thupi la nyama yokhala ndi ziwalo zambiri limayenda chifukwa chiwalo chili chonse chimasunga mbiri yake. Ndipo mlimi wa ku Nkhata Bay angaonjezepo china chimene iye adachiona ndi maso: chomera chosafa chimayenda ndi nthenda yake. Mtengo wa chinangwa chakhate umabala munda wakhate, ndipo chisaka chitalowa m'nthochi za m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1990, mphukira zomwe zija zimene zidali chuma cha mabanja ndizo zidafalitsa nthendayo mudzi ndi mudzi.

Komabe pano mpofunika chilungamo. Nkwapafupi kutamanda ukalamba kwa munthu amene maondo ake sadayambe kuwawa. Msodzi amene kale ankapalasa bwato usiku wonse kutsata usipa, lero sangathe kukweza nkhafi. Maso achita ng'ala, mano adatha, nyamakazi imamdzutsa tambala asadalire, ndipo mkodzo umamchititsa manyazi pamaso pa apongozi. Wina akamuuza kuti zimenezi ndi ulemerero wa imvi, iye ali ndi ufulu womuyankha mokalipa. Ndiponso mau akuti imfa ndi chilengedwe, tiyeni tiilandire, adakhalapo chophimba cha ulesi nthawi zambiri. Pa manda akale a mishoni ya ku Bandawe, kumene Dr Robert Laws adasamukira m'chaka cha 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear, pagona anthu amene adafa akadali anyamata ndi asungwana, ena makanda. Masiku amenewo malungo adali chilengedwe. Cha m'ma 2000 mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala zaka za m'ma 40 zokha, chifukwa cha Edzi ndi imfa za ana. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, katemera ndi masikito zidafika m'midzi, ndipo chiwerengerocho chidakwera kupitirira zaka 60. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti zaka zoonjezekazo zidabedwa kwa Mulungu. Dokotala wochotsa ng'ala m'diso la gogo wabweza m'mbuyo chidutswa cha ukalamba, ndipo wachita bwino. Ngati nchito ya pa maselo idzabala mankhwala oletsa ubongo wa nkhalamba kuiwala ana ake, imeneyo idzakhala mphatso yaikulu, pakuti idzasunga chinthu chomwe chija chimene kanyama ka ku Italy kamataya.

Choncho malire sali pakati pa kulola imfa ndi kuikana. Ali pakati pa kuchiza munthu kuti akhalebe iye yemwe kufikira mapeto, ndi kuyesa msinkhu wake wonse womaliza ngati nthenda yochititsa manyazi. Malire amenewa sali oongoka ngati mzere wa chingwe, ndipo adzabvuta asing'anga ndi ansembe omwe m'zaka zikudzazi.

Palinso funso la mwini mankhwala. Atapezeka, adzayamba kumwa ndani? Sadzakhala mai wosenza nkhuni ku Kande. Kufikira tsopano, ngakhale wolemera amakhalitsa kuposa wosauka, kusiyana kwao kuli ndi polekezera: munthu amene zaka zake zidatsimikizika kuti zidaposa za onse, Jeanne Calment wa ku France, adamwalira m'chaka cha 1997 ali ndi zaka 122, ndipo palibe chuma chimene chidagulapo zoposa pamenepo. Polekezerapo patachotsedwa kwa ochepa okha, mwini chuma sadzasiyanso chuma chake, ndipo wokhala pa mpando sadzautsikanso. Dziko lino lidamvapo kale mau akuti wamuyaya akunenedwa kwa munthu wa mnofu ndi magazi, ndipo likudziwa kulemera kwake. Za minda nazo: Amalawi adali 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, ndipo adali 17.5 miliyoni pa wa 2018, pa nthaka yomweyo. Komatu mfundo imeneyi njoterera, ndipo woigwira asamale, pakuti munthu woipa mtima akhoza kuitembenuza ndi kunena kuti nkhalamba zichoke, zikudya malo a ana.

Ndipo alipo amene amanenadi zimenezo, osati ku California, koma kuno kwathu. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anai okalamba a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao, chifukwa mphenzi idapha mtsikana ndipo iwo adanenedwa kuti ndi mfiti. Nkhani zotere zamveka m'maboma ambiri kuyambira pamenepo, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lapadera loteteza okalamba. Kodi mlandu wa gogo wotere umakhala wotani? Maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri, kuyankhula yekha, ndipo makamaka ichi: wakhalitsa pamene achinyamata akufa. Mtundu umene umati akulu ndi mdambo mozimira moto ndi womwewo umene umayatsa moto pa denga la mkuluyo. Wolemera amene amadana ndi makwinya a pa nkhope yake, ndi mnyamata amene amaopa makwinya a pa nkhope ya agogo ake, ngakhale mmodzi ali ndi madokotala ndipo wina ali ndi chibonga, onse awiri akuona chinthu chimodzi: kuti nkhalamba ndi munthu woonongeka. Nchifukwa chake sikudali kwachabe kuti Papa Fransisko, m'chaka cha 2021, adaika Lamulungu lachinai la mwezi wa Julaye kukhala tsiku la agogo ndi okalamba m'Eklezia yonse.

Eklezia yomweyo siidalonjezepo munthu kuti masiku ano adzangopitirira osatha. Papa Benedikto XVI, m'kalata yake ya 2007 yonena za chiyembekezo, adaunika kuti anthu ambiri amakana moyo wosatha chifukwa amauyesa kutalikitsa kwa moyo uno, ndi kuti moyo uno utatalika popanda mapeto ukadakhala katundu wosasenzeka. Chimene Akristu amayembekeza pa kuuka kwa akufa nchosiyana ndi njira ya chinangwa, pakuti woukayo ndi munthu yemwe uja, ndi dzina lake ndi mbiri yake yonse. Ambuye atauka adadziwika ndi zipsera zao. Nikodemo adaganiza za kubwerera m'mbuyo, koma adauzidwa za kubadwa kwina kumene sikufafaniza zaka za munthu.

Kunena za kanyama kaja, m'nyanja yeniyeni nkokaikitsa ngati tambiri timafika pobwerera ku ubwana kawiri kapena katatu, pakuti nsomba zimatidya ndipo matenda amatipha monga zolengedwa zina zonse. Munthu amene adatisunga nthawi yaitali ndi Shin Kubota, wa ku Shirahama ku Japan, amene adaona gulu limodzi likubwerera ku ubwana kosachepera kakhumi pa zaka ziwiri. Koma kuti zimenezo zitheke, iye ankayenera kufika m'mawa uli wonse, kusintha madzi m'timbale, kuyang'ana kali konse pa galasi lokuza zinthu, ndi kutidulira chakudya ndi singano chikakula, pakuti tokha sitikadatha kuchimeza. Poyenda ulendo wautali ankatinyamula m'bokosi lozizira, poopa kuti akabwerako adzatipeza titafa. Pa zaka zonsezo tinyamato tidakhala tanthete, ndipo iye adanka nakalamba.